Manja Ouma a Mayi Manijala

Ndodo idadutsa m'mwamba, kampira n'kutsala pomwepo, phee, ngati kakuwaseka. Aka kadali kachisanu.

Mayi manijala adapukuta thukuta. Loweruka la sabata yomweyo kampani yawo ya sopo idali ndi mpikisano wa gofu, ndipo kampira kotsegulira adayenera kumenya ndi iwowo, pamaso pa makasitomala, antchito onse ndi ojambula zithunzi. Kwa munthu wongokwezedwa kumene, manyazi amenewo sakadachoka msanga.

Mlamu wawo ndiye adawapezera mphunzitsi. "Mukawapeza pansi pa mtengo wa kumapeto kwa bwalo, eyiti koloko," adatero pa foni. Adawapezadi: bambo a imvi, ochepa thupi, mikono yamitsempha, akumwa tiyi wa mufulasiki. Atapatsana moni, mayiwo adangoyamba kumenya kuti bambowo adzionere okha pamene padali vuto.

Pa kachisanu ndi chimodzi ndodo idakumba nthaka, chibuma chidauluka, kampira osasuntha. Bambowo adaika kapu pansi.

"Mayi, ndodoyo idakulakwirani chiyani? Mwaigwiratu ngati mwagwira wakuba."

"Ndikufuna kapite kutali."

"Ndiye pamene mukulakwitsa. Taonani mapewa, afika m'makutu. Tsitsani. Ikani ndodoyo pansi, mugwedeze manja ngati mwasamba koma thawulo palibe."

Mayiwo adacheuka uku ndi uku. Munthu wolamula antchito mazana awiri, kuima pabwalo akukupiza manja ngati bakha! Komabe adagwedeza, mpaka adayamba kudziseka okha.

"Eya, kuseka kumenekonso n'mankhwala. Tsopano tolani. Zala zingoisunga kuti isathawe, basi."

Bambowo adabwereka ndodo ija, adaiyeza kulemera, n'kuigwedeza kamodzi. Sadaoneke ngati akugwiritsa ntchito mphamvu, koma mphepo idalira kuti fyuu, ndipo nsonga za kapinga zidadumpha bwinobwino.

"Mwaona? Chiuno chitsogole, manja azitsatira ngati chingwe. Chitsulocho chili ndi kulemera kwake, chisiyeni chigwire ntchito. Mukaumitsa mikono, pofika masana mwatheratu, usiku osagona ndi phewa."

Mayiwo adagwedeza mutu. Apa mlamu sadaphonye, adatero mumtima. Uyu ndi katswiri weniweni, wa zaka zambiri pabwalo.

"Nanga kulimbitsa manja, sindilimbitsa n'komwe?"

"Pang'ono, pamene chitsulo chikukhudza pansi pokha. Kenako tayani, manja apite okha. Ndipo kampirako kaiwaleni. Inu mungometa kapinga ali pansi pakeyo."

Adapuma mpweya wautali. Mapewa pansi. Zigongono zofewa. Adabweza ndodo mosathamanga, adatembenuza chiuno, manja n'kubwera okha.

Thaa!

Kampira kadakwera, kadachepa, kadakatera kutsidya kwa dziwe n'kudumphadumpha cha kumbendera yosonyeza dzenje. Mayi manijala adaima kukamwa yasa, kenako adakuwa ngati mwana wasukulu. Adamenyanso kena. Kadapita. Kachitatu kadakhotera m'mitengo chifukwa mantha adali atabwereranso m'zala, koma bambowo adangoloza mapewa, ndipo kachinayi kadawongoka.

Pofika hafu pasiti naini dengu la timipira lidali litatha. Mikono sidawawe. Mayiwo adayamba kale kuona nkhope za anzawo a kuofesi Loweruka, makamaka wachiwiri wawo uja amene amakonda kuwaseka mobisa.

"Bambo, mwandipulumutsa," adatero akuwagwira chanza ndi manja awiri. "Mawa tikumanenso nthawi yomweyi. Koma tandiuzeni, gofuyu mudayamba kusewera liti?"

Bambowo asadayankhe, kudatulukira munthu wina akuthamanga wefuwefu, chikwama cha ndodo chikumumenya kumsana. "Pepani kwambiri mayi, galimoto idandifera panjira. Ndine mphunzitsi amene alamu anu adakupezerani."

Mayiwo adatembenuka. Bambo a imvi aja adali akusolola chikwakwa kuseri kwa mtengo.

"Gofu ine sindidamenyepo, mayi," adatero akumwetulira. "Ndimangodikira kuti mumalize, nditchetche pamene mwaimapo."