Ng'ombe Zatsika Zopanda Maluwa

"Vroni, taona, phiri lavala chipewa cha mitambo m'mawa muno. Usakwere nawo alendowo," anatero agogo Zenzi atagwira chikwama cha mdzukulu wawo.

"Agogo, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe! Foni ikuti dzuwa tsiku lonse."

"Foni yakoyo inabadwira kuno?"

Vroni anaseka, n'kuwapsompsona pamphumi, ulendo. Mtsikanayu ankaweta ng'ombe za m'mudzi kumsipu wa pamwamba chilimwe chonse, koma masiku ena ankakweza alendo pathanthwe, kudzera njira ya chingwe chachitsulo. Chitsulo ndi mphenzi n'zapachibale, aliyense amadziwa, koma ana a lero ungawauze chiyani?

Mabingu anayamba masana. Vroni anatsitsa alendo onse asanu mmodzimmodzi, iye n'kutsalira pachingwe. Mphenzi inamupeza pomwepo.

Mu Seputembala, chilimwe cha kuno chitatha, ng'ombe zinatsika kumudzi, alendo atadzaza msewu. Mwambo wa kuno ngwakuti zimavekedwa maluwa panyanga ngati onse amene anakwera nazo abwerako amoyo. Chaka chimenecho zinatsika nyanga zili zokhazokha.

Mlendo wina wa kamera m'khosi anasendera kwa agogo Zenzi, amene anaima pamlatho atavala zakuda.

"Pepani mayi, nanga maluwa aja ali kuti? Ife tachokera kutali kudzaona zimenezo."

Agogo anaperekeza ng'ombe yomaliza ndi maso mpaka itawoloka. Kenaka analoza kuseri kwa tchalitchi.

"Onse ali uko, bambo, pamanda atsopanowo. Pitani mukajambule."