Ana Atatu M'chipinda cha Makasu

Bambo Overton Mkandawire anadzuka pampando kachisanu n'kukasuzumiranso pawindo. Galimoto ya khonsolo inali isanaonekebe. Kalata inangoti kukubwera mlendo kudzafufuza za ana olumala, ndipo masiku amenewo a chipani chimodzi kalata ya boma sinkafunsidwa mafunso.

Mphunzitsi wamkuluyu anali ndi chomusowetsa mtendere. Pasukulu yake ku Mchengautuwa panali ana atatu amene sanali m'kaundula: awiri osamva, ndi Tamara, mwana wake weniweni, wosaona chibadwire. Ankangowakhazika kumbuyo kwa kalasi kuti azitolako zimene angathe. Tsono mphekesera, zimene ku Mzuzu sizikata ngati mvula yake, zinkati boma likuchotsa ana otere m'sukulu wamba. Ndiye Tamara azingokhala pakhomo, kusenda chinangwa mpaka kukalamba? Akaganiza zimenezi mtima unkamuwawa.

Anachita zimene aliyense ankachita kukamabwera alendo a boma. Miyala ya m'mbali mwa njira anaipaka laimu, bwalo linasesedwa mbee, ndipo ana atatuwo anawatsekera m'chipinda chosungira makasu, n'kuwasiyira nthochi kuti asachite phokoso.

Mlendoyo anali Mayi Winifred Kachale, ochokera kummwera. Anabwera ndi tcheyamani wa chipani wa m'deralo, amene anakakhala pakona.

"Mwawuka uli, adada?" mayiwo anayesa Chitumbuka chawo chotsimphina.

"Tawuka makora, yewo chomene."

"Muli ndi ana osaona kapena osamva pano?"

"Olo mmodzi, mama. Pano onse ndi alunga."

"Mwatsimikiza?"

 Overton anagwedeza mutu movomera, anasaina pepala, anadinda chidindo cha sukulu. Tcheyamani nayenso anasaina monga mboni. Overton ankadziwa bwino kuti munthu wonamiza boma papepala sankabwerako msanga kumene ankamutengera, komabe anapumira m'mwamba. Tamara wapulumuka!

Mayi Kachale anapinda pepalalo mokhumudwa.

"Zachisoni. Khonsolo yagwirizana kuti sukulu imodzi mumzinda muno ilandire mphunzitsi wa ana osaona ndi osamva, ndi kalasi yawoyawo. Ine ndimati tiyambire pano. Poti kulibe aliyense, timutumiza kwina."

Overton anatsegula pakamwa kuti aulule zoona. Tcheyamani anali akumuyang'ana.