Galimoto Inazima Pakati pa Mikango

"Tsekani mawindo, tafika pa mikango!" anatero bambo. Ana awo awiri anakanikiza mphuno pagalasi.

Mayi anamwetulira. Kunali koyamba banja lawo kulowa m'malo osungira nyama zakutchire, koma amuna awo ankakhota ngati msewuwo anaulambula okha.

Mwadzidzidzi galimoto inatsokomola n'kuzima. Mkango waukazi unadzutsa mutu.

Posakhalitsa mlonda wa nyama anafika pa lole yake, n'kuima moyandikana ndi windo la bambo. Atangowaona, anafa nalo phwete.

"Bwana, inunso? Loweruka lapitali inazima pomwe pano! Simunaikonzetsebe?"

"Mwandisokoneza ndi wina," anatero bambo, thukuta lili kamukamu.

"Ndingaiwale chitseko chopindikachi? Tsiku lija akazi anu anakuwa mpaka mikango inathawa." Anasuzumira kuti apatse mayi moni, koma kuseka kunathera pakhosi. Nkhopeyo sinali ija.

"Adadi, Loweruka si munali kumaliro a anzanu akuntchito?" anafunsa mwana wamkulu.

Mayi anakumbukira mmene tsikulo anasitira amuna awo malaya akuda, n'kuwaperekeza mpaka pageti akuwapepesa. Anatenga chikwama chawo n'kugwira chotsegulira chitseko.

"Mayi, chonde musatuluke!" anakuwa mlondayo. "Kunja kuno n'koopsa. Khalani ndi bambowo, m'menemo palibe chingakupwetekeni."

Mayi anabweza dzanja pang'onopang'ono. Ulendo wonse wokokedwa ndi lole ija mpaka kugeti la malowo, maso awo anali pa mkango uja.