Sikirini ya a Kalaliki

"Kwezaninso pang'ono, mwanangu," anatero a Kalaliki.

Mayi wa makompyuta anausa moyo, n'kulowetsa mtolo wina wa mapepala pansi pa sikirini. Sikanali koyamba kuitanidwa pa desiki imeneyi.

A Kalaliki anamerera imvi mu ofesi momwemo. Ntchito yawo inali kuvala mahedifoni, kumvetsera mawu amene ajambulidwa pa misonkhano, n'kumataipa. Zala zawo zinkagwa pa kiyibodi ngati mvula pa malata, mwini wake osayang'anapo n'komwe. Anzawo ankawaseka kuti chikondi chawo sichikalamba, poti mayi akunyumba ankawaperekeza m'mawa uliwonse mpaka pakhomo la ofesi, atakolowekana mikono ngati chibwenzi chatsopano.

Koma masiku ano zinthu zinali zitavuta. Malipoti awo ankatuluka ndi zolakwika mbwee, mizere ina yosadziwika mutu wake. Abwana anali atanena kale pamaso pa onse kuti lipoti la lero likalakwikanso, a Kalaliki aona msana wa njira. Ndipotu abwana amenewo sankalankhula kawiri. Nanga munthu wamkulu chotero, adzukulu amasiye ali pakhomo, akanalowera kuti?

"Vuto ndi khosi," ankatero iwo. "Sikiriniyi yatsika. Ndikawerama khosi limauma, ndiye zilembo zina ndimangozilumpha."

Ena ankanong'ona kuti n'zifukwa za munthu wotopa ndi ntchito. Mayi wa makompyuta ankakana. Galu wamkota sakandira pachabe, komanso mpando wawo unalidi wautali, desiki yaifupi. Ankawamvera chisoni kwambiri, chifukwa tsiku limene iye anayamba ntchito, ena onse akumuyang'ana cham'mbali, ndi mkulu yemweyu amene anamukokera mpando.

Lero anati akonze kamodzin'kamodzi. Anachotsa mapepala onse aja. Anatsitsa mpando mpaka mapazi a mkuluyo anaponda pansi bwinobwino. Anakatenga kabokosi kolimba, n'kunyamula sikirini yonse kuikhazika pamwamba pake. Anawauza kuti atambasule mkono mpaka nsonga za zala zikhudze galasi. Kenako anaima kuseri kwa sikiriniyo ndi rula, n'kumayeza kuti m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso awo.

"Pano bwanji, bambo? Wongolani msana. Tawerengani tione."

A Kalaliki anakhala mowongoka, anayang'ana kutsogolo, nkhope yawo n'kumasuka.

"Apa ndiye mwandipulumutsa, mwanangu. Chilembo chilichonse ndikuchiona bwinobwino. Mulungu akudalitseni."

Anavala mahedifoni, zala zija n'kuyamba kuthamanga monga kale. Wa pa desiki yoyandikana anaomba m'manja pang'onopang'ono, ngakhale onong'ona aja anamwetulira. Mtima wa mayiyo unakhala m'malo. Ntchito ya mkuluyu yapulumuka, anatero chamumtima. Anatola zida zake n'kuzungulira desiki kuti aone mmene zakhalira.

Phazi lake linakola chingwe pansi. Chinali chingwe cha magetsi cha sikirini, chimene chinazuka pamene ankainyamula paja.

Sikiriniyo inali yozima, yakuda bii. A Kalaliki ankangoiyang'anitsitsa akumwetulira ndi maso amene anali atasiya kale kuona, uku akutaipabe.