Mpando wa Woyesa Makina

Mdima utangogwa, ndinabwerera ku ofesi kukazimitsa kamera yomwe tinkaiyesa. Ndinapeza mnzanga wolemba pulogalamu ya mawu akumvetsera, mahedifoni kumutu.

Ine ndimalemba pulogalamu ya zithunzi. Kachipangizo ka mu kamerayo n'kochepa mphamvu, choncho kamatumiza zokhazo zimene zasuntha, n'kuzizinga ndi timabokosi tobiriwira pasikirini ya kompyuta. Kamerayo tinailozetsa pampando wa bambo amene ankatiyesera makina, omwe tinawaika m'manda sabata yatha.

"Achemwali, taonani," anatero mnzangayo.

Pampando panalibe munthu. Koma pasikirini timabokosi tinali titaunjikana pampandopo: mutu, mapewa, ndi dzanja likugogoda tebulo katatu, monga ankachitira malemuwo akapeza cholakwika.

"Ndi pulogalamu yanga yalakwa," ndinatero. "Ndikonza mawa."

"Mwakonza kale kasanu. Nanga yangayi? Imafufuta phokoso lonse, n'kusiya za munthu zokha."

Anandipatsa mahedifoni aja. Wina ankapuma pang'onopang'ono.

Ndinazula waya wamagetsi, sikirini n'kuthima. Kupumako sikunasiye. Kunangosamukira kukhutu lamanzere, mbali imene kunali khomo lotulukira.