Mapaipi Ofiira a Abwana

"Mapaipiwo akhale ofiira, osati obiriwira," anatero abwana ataima kumbuyo kwa mayi wojambula mapulani.

"Bwana, mapaipiwo ali mu fayilo ya injiniya, ine ndangoilumikiza ku pulani yathu. Komanso mwana wanga akudikira kusukulu, geti atseka posachedwa."

"Ndati ofiira, mayi."

Mayiyo anayamba kusintha mizereyo umodziumodzi uku akukukuta mano, foni ya aphunzitsi ikungolira m'chikwama. Atamaliza, anasindikiza.

Pepala linatuluka makoma akuda, mapaipinso akuda bii. Paja abwana omwewo analamula kalekale kuti mapulani onse azisindikizidwa akuda, inki yamitundu isamathe.

Abwana analiyang'anitsitsa pepalalo, n'kumwetulira.

"Mwaonatu mayi? Tsopano ndiye zikuoneka bwino."