Nsanja ya shushu

Ethel atakankha geti, anapeza amuna awiri atanyamula nsanja yake yachitsulo, akulowera nayo chakumpanda. Ndiye kuti amuna ake, a Noel, achitadi zimene ankanena zija.

Nsanjayo anakaisankha yekha kwa a Mikaili, owotcherera zitsulo ku Mbayani. Anakana yazitsulo zopyapyala, n'kutenga yamapaipi ochindikala, yopindika ngati uta, yoti munthu n'kudutsa kunsi kwake osawerama. Ankafuna iime pakati pa dimba, shushu ayange mbali ino, zitheba mbali inayo. Koma a Noel malo a dimbalo ankawafuna kuti aziimikapo lole ya kuntchito. Ankati nsanjayo ikazikidwe m'mbali mwa mpanda, pafupi ndi geti, pamthunzi poti ngakhale bonongwe sangakule. Choncho inangogona pakhonde, eniake akulankhulana mokakamizika. Ethel ankadziwa kuti simenti ikangouma kumpandako, dimba limene wakhala akudalira chithereni ntchito yake ku Limbe latha basi.

Anawauza amunawo kuti atsitse chitsulocho. Kenako anawafunsa ngati anawatuma ndi a Noel, poganiza kuti iye achedwa kumsika.

Awiriwo anayang'anana. Wamtali anali ndi chikwanje m'chiuno.

"Eya, mayi," anatero wamfupi. "Ndi abwana."

Ethel anatseka geti, n'kukhoma loko, makiyi n'kuwamanga pansonga ya chitenje. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo, nthawi imene a Noel amabwera kudzadya. Akafika aimbe huta, adikire panja.

Analoza pakati pa mabedi a mpiru, n'kuwauza kuti akumbe pamenepo maenje a miyendo yonse. Wamfupi anadandaula kuti alibe zida, bola apite kaye akatenge. Ethel analowa m'kanyumba ka nkhuku, n'kutulutsa khasu, fosholo ndi wilibala. Thumba la simenti linali pakhonde, mchenga kuseri. Panalibenso chonamizira.

Anayamba kukumba, koma maso ali kugeti. Galimoto ikadutsa pamsewu, onse atatu ankaima n'kutchera khutu. Ethel anawamvetsa. Munthu watumidwa zina, akuchita zina, ndipo a Noel akapsa mtima sasankha mawu.

Dzenje loyamba linali losaya. Ethel anaikamo phazi, n'kuwauza kuti shushu akabereka amalemera, mphepo ya chiperoni ikabwera nsanja yotere imagwa ndi mbewu zomwe. Akumbe mpaka m'bondo.

Apa wamtali anaponya khasu pansi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kuima pafupi kwambiri ndi Ethel, moti fungo la thukuta lake linamufika. Sankamuyang'ana kumaso. Ankayang'ana mfundo ya pachitenje.

"Tsegulani geti, mayi. Ife tizipita."

Ethel sanasunthe. Akawalola kupita, mawa a Noel abwera ndi ena.

"Geti nditsegula ntchito ikatha," anatero. "Mukandivuta ndikuwa, anthu onse a kuno ku Manja adzaze pano, tione amene achite manyazi."

Dzanja la bamboyo linatsikira m'chiuno. Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a mayi oyandikana nawo nyumba, akufunsa ngati kwa Ethel madzi akutuluka pampopi, poti kwawo asiya. Ethel anayankha kuti akutuluka, abwere ndi zidebe nthawi ina iliyonse. Wamfupi anakoka mnzake malaya, n'kumunong'oneza zinazake. Wamtali anatola khasu.

Kuyambira pamenepo ntchito inathamanga. Anakumba mpaka m'bondo, n'kuimika nsanja. Ethel anabwerera m'mbuyo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuona kuti yapendekera kumanzere. Anawauza aizule, aikemo miyala, aimikenso. Wamfupi anakanda simenti m'wilibala. Anathira, n'kutsendera ndi mpini wa khasu. Ethel anagwedeza chitsulocho, koma sichinasunthe.

Anawapatsa madzi akumwa a pampopi wapanja, koma anakana. Anawauza adikire abwana awo, iye awafotokozera kuti mlandu ndi wake. Anakananso. Loko atangotseguka anatuluka osacheuka, osasamba ndi m'manja momwe, n'kukhotera kanjira kotsikira kumtsinje.

Ethel anakhala pa wilibala, n'kumayang'ana nsanja yake itaima pakati pa mpiru. Anayamba kukonza mawu oti awauze a Noel. Sapepesa. Akafuna kuizula, aizule iye akuona.

Posakhalitsa huta inalira. Lole inaima panja, a Noel n'kutsika. Mbali inayo kunatsika a Mikaili, atanyamula chikwama cha zida. A Noel anafika m'dimba, n'kuima, n'kuyang'ana nsanjayo kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Ethel sanadikire kufunsidwa. Anati anthu awo aja asawakalipire, iye ndi amene anawakakamiza, anachita kuwatsekera geti.

"Anthu ati?" anafunsa a Noel. "Ine sindinatume munthu. Ndinaganiza zoti lole izigona kuntchito konko, ndiye ndinapita kukatenga a Mikaili kuti adzakuzikireni pamene mukufuna."

Ethel anacheukira kunyumba. Chitseko cha kukhitchini chinali pululu, loko wake ali pansi, wothyoka.